Njala ya mu Januwale imabadwa mu Epulo

Alimi anzanga, chaka chilichonse pa 16 Okutobala dziko lonse lapansi limakumbukira tsiku la chakudya. Akuluakulu amayendera zionetsero za mbewu, amalawa thobwa, ndipo wailesi imatiuza kuti nkhondo yolimbana ndi njala ikuyenda bwino. Tsikuli limatipeza ife kuno ku Mulanje tikuwerenga matumba otsala m'nyumba, ena titakung'untha kale thumba lomaliza, mvula yodzalira isanagwe n'komwe.

Malonjezo othetsa njala tawamva ambiri. Mu 1996 atsogoleri a maiko anakumana ku Rome ndipo anagwirizana kuti pofika 2015 chiwerengero cha anthu ogona ndi njala, chomwe panthawiyo chinali pafupifupi 800 miliyoni, chidzakhala chitatsika ndi theka. Chaka cha 2015 chinakwana lonjezolo lisanapherezeke, ndipo chaka chomwecho ku New York anapanga lina loposa loyamba lija, lakuti pofika 2030 njala idzakhala itatheratu. Atsogoleri a muno mu Africa nawo anagwirizana ku Maputo mu 2003 kuti boma lililonse lizipatula K10 pa K100 iliyonse ya bajeti kuti ipite ku ulimi, ndipo ku Malabo mu 2014 anati njala ithe mu Africa pofika 2025. Koma lipoti la mabungwe a United Nations lomwe linatuluka mu Julayi 2025 linati mu 2024 anthu pafupifupi 673 miliyoni anali pa njala, ndipo 307 miliyoni mwa iwowa anali a mu Africa, kutanthauza kuti munthu m'modzi mwa asanu aliwonse. Maiko ena a ku Asia ndi ku South America zinthu zasinthako ndithu, zimenezo tisakane. Kuno kwathu chiwerengero chakhala chikukwera.

Chodabwitsa n'chakuti chakudya pa dziko lapansi chilipo. Bungwe la FAO limawerengera kuti chimanga, tirigu, mpunga, mapira ndi mbewu zina zotere zimaposa matani 2.8 biliyoni pachaka. Mukagawa zimenezi kwa anthu 8 biliyoni, aliyense, ngakhale khanda lobadwa dzulo, angalandire matumba 7 a makilogalamu 50. Zambiri mwa mbewuzi zimathera kudyetsa ziweto ndi kupanga mafuta a galimoto, ndipo bungwe la UNEP linapeza kuti mu 2022 chakudya choposa matani 1 biliyoni chinangotayidwa m'makomo, m'masitolo ndi m'malo odyera. Katswiri wina wa zachuma wa ku India, Amartya Sen, anafufuza njala yomwe inapha anthu miyandamiyanda ku Bengal mu 1943, ndipo m'buku lake la mu 1981 anasonyeza kuti anthu angathe kufa ndi njala chakudya chili pamsika, chifukwa chakuti zomwe ali nazo m'manja, kaya ndi malipiro a ganyu kaya ndi mbuzi, sizikufikanso pa mtengo wa chakudyacho. Ku Sudan ndi ku Gaza, komwe akatswiri analengeza njala yoopsa mu 2024 ndi 2025, chomwe chinatsekereza anthu ku chakudya ndi nkhondo. Kuno kulibe nkhondo. Nanga chimatitsekereza ife n'chiyani?

Tiyeni tiyambe ndi masamu a pakhomo. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'boma la Mulanje muli anthu oposa 680,000. Malo ake ndi omwe mukuwadziwa: pakati pakhala phiri, m'munsi mwake mwazungulira minda ya tiyi yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1890, ndipo ife tinapanikizana pa zotsalazo. Ndikayang'ana mamembala a kalabu yathu, ambiri munda wawo ndi theka la ekala, wa ekala yathunthu timamutcha mwinimalo. Zokolola za chimanga m'dziko muno zimazungulira pa matani awiri pa hekitala chaka chikakhala chabwino. Pa theka la ekala ndiye kuti matumba 8, mvula itagwa bwino, feteleza atathiridwa panthawi yake, ntchemberezandonda zitatikhululukira. Pakhomo panga pali anthu asanu ndi m'modzi, ndipo thumba limodzi silimaliza mwezi. Choncho ngakhale nditapanda kugulitsako ndi mbale imodzi yomwe, chimanga changa chimathera m'njira chaka chisanathe.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga yonse. Mlimi wamng'ono wa ku Mulanje timamutcha wolima chimanga, koma mukawerengera chaka chonse, iyeyu ndi wogula chimanga. Amagulitsa pang'ono mu Epulo ndi mu Meyi, n'kudzagula zambiri kuyambira Novembala mpaka Malichi. Ndipo amagulitsa nthawi yomwe mtengo uli pansi penipeni, n'kudzagula nthawi yomwe mtengo wafika kumwamba.

Ena amene sanagwirepo khasu amati alimi ndife osaganiza, timagulitsa chakudya chifukwa cha mowa ndi wailesi. Alipo otero, sindikana. Koma ine ndikuuzeni zanga. Chaka china mu Meyi ndinali ndi ngongole ya katapila yomwe ndinatenga mu Disembala kuti ndiwombole feteleza, mwana amafunika fizi ya teremu yachitatu ku sekondale, ndipo mayi a kunyumba anali atangotuluka kumene m'chipatala. Venda anabwera ndi sikelo yake n'kuikoleka pa mtengo wa mango pafupi ndi chigayo. Ndinadziwa kuti sikeloyo ikudya, chifukwa thumba lomwe ndinasoka ndekha lodzaza bwinobwino linalephera kufika 50. Ndinadziwanso kuti mtengo wake ndi wachipongwe. Koma kunalibe wina wogula wokhala ndi ndalama m'manja tsiku limenelo, ndipo mwini katapila sadikira Ogasiti. Ndinagulitsa matumba atatu. Mu Januwale ndinapita kumsika ndi kajumbo kukagula chimanga cha pa mbale, ndipo ndalama ya matumba atatu aja sikanakwana kuwombola ngakhale thumba limodzi ndi theka. Mwina n'kutheka kuti chinali chimanga changa chomwe chija, chitangogona miyezi isanu ndi itatu m'nyumba ya munthu wina.

Izi sizinachitikire ine ndekha. Mu 2024 boma linaika mtengo wotsikitsitsa wogulira chimanga kwa mlimi pa K650 pa kilogalamu, womwe ndi K32,500 pa thumba, ndipo tonse tikudziwa kuti kumidzi ambiri analandira yosafika pamenepo. Pofika Febuluwale 2025 thumba lomwelo linali litadutsa K80,000 m'misika yambiri ya m'chigawo cha kummwera. N'zoona kuti chinali chaka cha ng'amba ya El Niño, pomwe mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo anthu 5.7 miliyoni anapezeka kuti afunika thandizo la chakudya. Koma ngakhale chaka cha mvula yabwino, kusiyana kwa mtengo wa pokolola ndi wa mu Januwale kumakhalapo. Ng'amba imangokukulitsa.

Tsono taonani chimene njala ya mu Januwale imachita ku munda. Mwezi umenewu ndi wopalira, wobandira ndi wothira feteleza wobereketsa. Ndi mwezi womwewo umene bambo ndi mayi amasiya munda wawo n'kupita kukagwira ganyu m'munda wa wina kuti apeze ufa wa tsiku limenelo, ena mpaka kuwoloka malire kukalima ku Mozambique kuti alipidwe chimanga kapena makaka. Akamabwerera, udzu wakula kuposa chimanga. Ena amagulitsa feteleza yemwe anamuvutikira pa mzere. Ana amadya kalongonda wophika tsiku lonse ndi mango owiritsa, sukulu n'kuyamba kujomba. Pofika Malichi timayamba kukazinga chimanga chisanakhwime kuti tipeze chitibu, ndipo zokolola za mu Epulo zimakhala zitachepa kale. Zikachepa, ngongole ili pomwepo, venda uja wabweranso pa mtengo wa mango. Namondwe ngati Freddy, yemwe mu Malichi 2023 anakokolola minda, nyumba ndi abale athu kwa Njema ndi madera ena ozungulira phiri, amapeza anthu ali kale m'goli limeneli. N'chifukwa chake kudzuka kumatenga zaka.

Wina anena kuti yankho ndi feteleza wotsika mtengo, ndipo sindikufuna kunyoza chinthu chomwe chinatipulumutsapo. Tinaona Starter Pack mu 1998. Tinaona makuponi a FISP omwe anayamba mu 2005 pansi pa malemu Bingu wa Mutharika, ndipo pofika 2007 dziko lino linagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Mu 2020 kunabwera AIP, thumba la feteleza pa K4,495, lomwe pofika 2022 linali pa K15,000 uku chiwerengero cha olandira chikutsika. Feteleza yense timaitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndiye nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, kenaka kwacha n'kugwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unathawa osatembenuka. Dziko la Malawi lakhala likutamandidwa kuti zaka zambiri limakwanitsa lonjezo la ku Maputo lija, koma gawo lalikulu la ndalamazo limathera pa feteleza ndi chimanga. Alangizi achepa, misewu ya kumidzi ndi yomwe ija, ulimi wothirira tikungoumva m'zolankhula pamene mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila ikutsika m'phiri pamaso pathu. Chachikulu n'chakuti feteleza amachulukitsa chimanga pa munda womwe ulipo, sakulitsa mundawo, ndipo sauza venda mtengo woti agulire. Kuponi ingakweze matumba anga kuchoka pa asanu kufika pa asanu ndi atatu. Atatu owonjezerawo ndi omwe ndinagulitsa pa mtengo wa mango paja.

Tikumbukirenso 2002. Nkhokwe za dziko zosungira chimanga, zomwe zinali ndi matani oposa 160,000, zinagulitsidwa pafupifupi zonse mu 2000 ndi 2001. Boma linati linatsatira malangizo a IMF, a IMF anati iwo ananena zochepetsa chabe osati kugulitsa zonse, ndipo pamene akuluakulu amalozana zala mtengo wa chimanga unakwera kangapo m'miyezi yochepa. Pomwe pulezidenti Bakili Muluzi amalengeza za ngozi ya njala mu Febuluwale 2002, anthu anali atayamba kale kufa. Zokolola za chaka chimenecho zinali zochepa ndithu, koma panali zaka zina zoipa kuposa pamenepo zomwe sizinaphe anthu chotero. Chinapha anthu ndi mtengo, ndi nkhokwe yopanda kanthu nthawi yomwe imafunika kutsegulidwa.

Ntchito yochepetsa kusiyana kwa mitengoku ndiyo inali ya ADMARC chiyambire 1971: kugula kwa mlimi pokolola pa mtengo woyenera, kusunga, n'kudzagulitsa m'miyezi ya njala pa mtengo woti munthu wamba akwanitse. Koma kwa zaka zambiri ndalama zogulira zakhala zikutuluka mochedwa, misika n'kumatsegulidwa mavenda atasesa kale midzi yonse. Chifukwa chomwe timauzidwa n'chakuti chimanga chikadali ndi chinyontho. Venda chinyonthocho sichimuopsa, amagula n'kukayanika yekha. Mapeto ake boma limadzagula chimanga chomwecho kwa amalonda akuluakulu pa mtengo wokwera, ndipo phindu la ndalama za misonkho yathu limapita kwa amene sanalime. Mu 2022 boma linatseka ADMARC kwa kanthawi n'kuchotsa antchito ake ambiri pofuna kuikonzanso. Kukonza kwenikweni kudzaoneka tsiku lomwe sikelo yake idzafike pamudzi venda asanafike.

Pano ndilankhule mawu omwe mwina sakoma kwa atsogoleri athu a bungwe. Nyengo yokolola ikayandikira timafuula kuti boma likweze mtengo wa chimanga, ndipo timaona ngati tapambana chiwerengero chikakwera pa pepala la unduna. Kwa mnzathu wa ku Mchinji kapena ku Kasungu wokolola ngolo zambirimbiri, zimenezo n'zomveka. Koma kwa membala wa kwa Mabuka kapena kwa Nkanda amene agulitse matumba awiri n'kudzagula asanu ndi limodzi, chimanga chodula chaka chonse ndi chilango. Chomwe iye akufuna n'chakuti mtengo wa mu Epulo ukwereko, wa mu Januwale utsikeko, ziwirizi ziyandikane. Bungwe la alimi lomwe limalankhula za mtengo wogulitsira wokha likulankhulira theka la moyo wa mamembala ake.

N'chifukwa chakenso tiyenera kusamala pakamwa tikamanena za chimanga cha ku Mozambique. Aliyense amene anaimapo pa Muloza kapena pamsika wa Limbuli waona njinga zitasenza matumba atatuatatu kuchokera ku Milange. Ndamvapo alimi anzathu ena akudandaula kuti chimanga chimenechi chimagwetsa mitengo, boma litseke malire. Anthuni, chimanga cha pa njinga chimenechi ndicho chakhala chikudyetsa Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre m'miyezi yovuta kwa zaka zambiri. Tsiku lomwe njingazo zaima, kaya chifukwa cha chiletso kaya chifukwa cha zipolowe za tsidya ilo ngati zomwe zinatsatira chisankho chawo cha mu Okutobala 2024, amayamba kulira ndi mayi wogula pa mbale ku Chitakale.

Ngati ndife ogula chimanga, ndiye kuti chitetezo chathu ku njala chagona pa ndalama yomwe mbewu zina zimatipatsa. Anzathu olima tiyi m'minda ing'onoing'ono ali ndi mwayi umodzi womwe sitiutchula kawirikawiri: masamba amachuluka nthawi ya mvula, ndiye kandalama kamalowa m'miyezi yomwe ija ya njala, ngakhale mtengo wa pa kilogalamu ndi nkhani ina yofunika tsamba lakelake. Kwa enafe chiyembekezo ndi nandolo. Nandolo safuna feteleza, amakonza nthaka, amapirira ng'amba, amatipatsa ndiwo ndi nkhuni, ndipo amakololedwa chimanga chitayamba kuchepa m'nyumba. Koma msika wake waukulu ndi dziko limodzi, India. Mu Ogasiti 2017 dzikolo linaika malire a nandolo wolowa kumeneko, ndipo mtengo kuno unagwa mpaka ena anangomusiya m'munda. Munthu wa kwa Chikumbu anagona ndi njala chifukwa cha chikalata chosainidwa ku New Delhi. Mu 2021 maiko awiriwa anasainirana mgwirizano wa zaka zisanu woti India izigula matani 50,000 pachaka. Ndi angati mwa ife amene anauzidwa za mgwirizanowu, kapena amene akudziwa kuti phindu lake linathera m'manja mwa yani? Mafunso amenewa ndi omwe bungwe lathu liyenera kumafunsa ku unduna wa zamalonda.

Pa zonse zomwe maiko ayesa pothana ndi njala, chomwe chimandigwira mtima ndi cha ku Brazil. Mu 2003 boma la Lula da Silva linayambitsa ndondomeko yotchedwa Fome Zero, ndipo mu 2009 anakhazikitsa lamulo lakuti ndalama zosachepera K30 pa K100 iliyonse yogulira chakudya cha ana m'sukulu zizigula kwa alimi ang'onoang'ono. Mwana amadya, mlimi wa pafupi ndi sukuluyo amapeza msika wodziwika mtengo wake asanadzale. Mu 2014 dzikolo linachotsedwa pa mndandanda wa FAO wa maiko a njala. Ndondomekozi zitafooka linabwereranso, ndipo zitalimbikitsidwanso linachotsedwanso mu 2025. Njira yogula chakudya cha sukulu kwa alimi a m'deralo inayesedwapo kwa anansi athu ku Phalombe ndi ku Mangochi kuyambira mu 2012, ndi thandizo la Brazil, WFP ndi FAO. Phala m'sukulu si lachilendo kwa ife, a Mary's Meals anayamba kuphikira ana m'dziko muno mu 2002. Funso ndi lakuti chimanga, soya, nandolo, mbatata ndi nthochi zodyetsa ana a ku Mulanje zizigulidwa kwa yani. Thandizo lakunja silodalirika, tinaona mu 2025 boma la America litatseka USAID ntchito zambiri zikuima pakati. Koma lamulo loti sukulu, zipatala ndi ndende zizigula gawo la chakudya chawo ku makalabu a alimi silifuna chilolezo cha ku Washington. Likufuna aphungu athu ku Lilongwe.

Za malo sindinena zambiri, ngakhale ndiwo muzu wa masamu aja. Pakati pa 2004 ndi 2011 ntchito ya Kudzigulira Malo, ndi ndalama za World Bank, inathandiza mabanja oposa 15,000, ena ochokera kuno ndi ku Thyolo, kupeza minda ya mahekitala pafupifupi awiri ku Mangochi, Machinga ndi maboma ena. Ena anakhazikika, ena anabwerera chifukwa kumeneko kunalibe madzi, sukulu ndi chipatala pafupi. Ntchitoyo inatha, ana omwe anabadwa chaka chomwe inayamba pano akufuna pawo polima.

Pamene tikudikira akuluakulu, pali zomwe kalabu ingathe kuyamba yokha. Chomwe chimatigulitsitsa mu Epulo ndi kusowa kwa ndalama ya lero, ndiye banki m'khonde yathu isamagawane ndalama zonse mu Disembala kuti tidyere Khirisimasi, ina izisungidwa kuti membala wopanikizika pokolola abwereke m'malo mothamangira kwa venda. Chikole chake chikhale thumba lomwe akanagulitsalo, lisungidwe pamodzi ndi a anzake m'matumba osalowa mpweya aja a PICS, omwe nankafumbwe amafera m'kati popanda kuthira mankhwala. Mu Januwale mwini thumba abweze ngongole n'kutenga chimanga chake. Lamulo la malisiti a nyumba zosungiramo mbewu lomwe linakhazikitsidwa mu 2018 linapangidwira zomwezi, koma nyumba zovomerezeka zili kutali ndipo munthu wa matumba awiri sangalipire galimoto yopita nazo kumeneko. Kalabu ya anthu makumi atatu ingathe. Vuto lomwe ndikuliona ndi la kiyi: tonse tikudziwa magulu omwe anatha chifukwa msungichuma anadya. Maloko akhale atatu, makiyi kwa anthu atatu osakhala pachibale, ndipo a mfumu adziwe chiwerengero cha matumba.

Pa msonkhano wotsatira wa bungwe lathu m'boma lino ndidzaimika dzanja kupempha kuti kalata yathu yopita kwa aphungu ndi kwa bwanamkubwa isayambe ndi makuponi monga mwa nthawi zonse. Iyambe ndi tsiku lomwe misika ya boma idzatsegulidwe ndalama zili m'manja, ndi tsiku lomwe a Malawi Bureau of Standards adzayendere masikelo a mavenda m'misika yathu. Kuti tisakapite chimanjamanja, ndikupempha mlembi wa kalabu iliyonse agule kope la masamba 40. Tsiku lililonse la msika, kaya ndi pa Limbuli, Nkando, Chinakanaka, Mathambi kapena Chitakale, alembe deti, mtengo womwe venda akugulira chimanga ndi nandolo, ndi mtengo womwe akugulitsira. Tiyambe sabata yomwe chimanga choyamba chidzalowe pamsika, tisadumphe mpaka Malichi, ndipo makopewo tidzabwere nawo ku msonkhano.